Tsala Lili ndi Mwini Wake

Teleza mwana wanga,

Ndine mayi ako, ndikulemba ndi dzanja langa. Usaseke zilembozi poona zikupendamapendama ngati chimanga chogwetsedwa ndi mphepo. Ukudziwa kuti pensulo ndidaigwira nditamera kale imvi, kusukulu ya kwacha ija ya pansi pa mango. Ndikadatha kupita kwa akatekisi kuti andilembere zooneka bwino, koma mawu ali munowa si opatsa munthu wachitatu, ngakhale wovala kolona m'khosi. Ndidayamba tsiku lija udapita ku Mtengowanthenga kukatsanzikana ndi masisitere, ndipo ndakhala ndikuwonjezera pang'onopang'ono masana kuseri kwa nkhokwe, iwe ukuyesa ndikuswa mtedza. Pakamwa ndalephera. Ndikati ndiyambe, umandigwira paphewa n'kunena kuti, "Amayi, zakale zimenezo." Ndiye werenga. Pepala sungaligwire paphewa.

Mawa ukupita. A Kalisito adapempha chitengwa mwaulemu, amalume ako a Bonifasi adavomera, ine sindidatsutse. Akuti apeza ntchito yauphunzitsi ku Zambia. Pita nawo, ndi amuna ako. Sindikulemba kuti ndikubweze panjira. Ndikulemba za munda wa kuseri kwa mwala uja, umene umaudandaula kuti ndi wamiyala. Mwa minda yonse ya mbumba yathu watsala ndi womwewo. Mwana wamkazi ndili naye ndiwe wekha. Achimwene ako akulima kwa akazi awo ku Chisepo, monga achitira mwamuna aliyense. Tsiku limene manja anga adzakane khasu, munda uja ukadzangogona dzinja limodzi osalimidwa, waya wa esiteti adzayenda usiku n'kuumeza. Kapitao amadutsa kale pamenepo, chipewa chili pamphuno, n'kumandifunsa kuti, "Gogo, chaka chino mulimanso?" Safunsa chifukwa chondimvera chisoni.

Chimene chandigwiritsa pensulo ndi ichi. Tsiku lija a Kalisito ankadya ndi amalume ako pakhonde, ine ndidali kuseri kwa chitseko, poti mpongozi sakhala pamaso pa mkamwini akudya. Amalume ako ankadandaula za mtengo wa feteleza. A Kalisito adatsitsa mawu n'kunena kuti, "Musadandaule malume, tsiku likubwera, munda udzakhala wa amene akuulima." Teleza, chikho chidandipulumuka m'manja. Iwe udathamanga kudzatola, ukuti ndi nyamakazi. Sidali nyamakazi. Mawu amenewo ndidawamvapo kale, omwewo ndithu, osasiyako ndi limodzi lomwe, ndipo adanditengera mwamuna. Khala pansi ndikuuze mwadongosolo, poti iwe nthawi imeneyo udali usanagule mano.

Amayi anga adandiphunzitsa kuti munda umatopa ngati munthu. Ukaona chimanga chikuchita chikasu chisanafike m'chiuno, umausiya upume zaka zingapo, umere udzu ndi timitengo, iwe n'kukalima pena. Limenelo ndiye tsala. Chidikha chonse chimene lero pali zigafa za fodya wa bale, kuyambira kumtsinje mpaka m'munsi mwa phiri, adali matsala athu. Mlendo akadutsa ankaona tchire. Ife tinkaona minda. Mkazi aliyense ankadziwa pake, chifukwa m'malire mudali nkhadze ndi khonje zimene adadzala amayi a amayi athu. Nkhadze siifa, mbuzi siidya, moto wolusa umangoiwaula n'kuisiya. Munda ukhoza kugona zaka khumi, koma nkhadze imaimabe pomwepo kunena kuti pano ndi pa Nambewe, apo ndi pa achemwali ake. Tidalibe pepala. Pepala lathu lidali limenelo.

Chaka china chilimwe kudabwera amuna a makabudula a kaki, ndi ndodo yamawangamawanga ndi chinthu chamiyendo itatu chosuzumirapo. Ife tidati mwina ndi msewu, ena adati ndi mjigo. Tidakondwa, mwana wanga. Ine ndidawaphikira mbatata. Abambo ako a Lazalo adawanyamulira ndodo ija tsiku lonse padzuwa, kuima pomwe awauza, n'kulandira ndudu imodzi. Mmodzi wa iwo, akusenda mbatata yanga, adandifunsa kuti, "Mayi, kutchire uku amalimako ndani?" Ine ndidayankha zoona zokhazokha, ndidati, "Panopa palibe akulimako, tikupumitsa nthaka." Iye adagwedeza mutu. Za kupumitsazo sizidamukhudze. Kwawo nthaka sipuma, ikakhala yosalimidwa ndiye kuti ilibe mwini. Ndiye langizo langa loyamba ndi ili: mlendo wa nsapato akakufunsa za malo, usayambe ndi liwu lakuti palibe. Yamba ndi dzina la mwini wake. Tsala lili ndi mwini wake, Teleza. Uzinena choncho ngakhale asanakufunse.

Mvula isanagwe tidaona zipilala za simenti, kenako waya, kenako thalakitala ikuzula mitengo cha kumtsinje. Bwana wake sitidamuonepo nkhope mpaka lero, timangoona fumbi la galimoto yake. Amfumu adaitanidwa ku boma, adabwerako ndi bulangete latsopano, osatha kuyang'ana munthu kumaso. Amalume ako adapita ku mishoni, adawauza kuti tipemphere. Adapita kwa atcheyamani a chipani, adawafunsa khadi kaye, kenako n'kuwauza kuti wodandaula ndi chitukuko ndi chigawenga. Adakwera njinga mpaka ku boma kukasiya dandaulo, adawauza kuti abwerere, adzamva. Tidadikira, osamva kanthu. Koma umvetse apa: thalakitala idali italima mbali ya kumtsinje yokha. Matsala ambiri adali chiimire mkati mwa waya, nkhadze zathu zilimo.

Ndi m'nyengo imeneyo mudafika a Sitefano m'mudzi muno. Ndiwanenera zoona, chifukwa bodza silindithandiza kanthu pamsinkhu uno. Adali mnyamata wa ku Ntchisi, wophunzira, amene adachotsedwa ukalaliki kutauni. Ankabwera ndi dengu la usipa panjinga kuti anthu aziti ndi wamalonda, koma usipa wake ankagulitsa motchipa moti ndi mwana yemwe adadziwa kuti si wamalonda. Adali ndi anzake awiri, ndipo ankati ali ndi ena kunja kwa dziko. Kagulu konseko sikakadadzaza ngolo. Ankaitanana kuti komuredi, ngakhale kwa munthu wa imvi. Amalume ako adawafunsa tsiku lina kuti, "Kodi a Komuredi amenewa mfunda wawo ndi wa kuti, poti aliyense ndi mbale wawo?" Adaseka nawo. Sadali odzikuza. Ankadya chimene tikudya, kugona pamkeka wansikidzi osadandaula. Ndipo pamene onse ankatiuza kuti tikhale chete, iwo okha ndi amene adanena poyera kuti tabeledwa. Munthu ukamamira suyang'ana kuti dzanja lakugwira ndi la yani.

Ankalankhula bwino. Ankati dziko likudyedwa ndi anthu owerengeka, kuti matenanti a pa esiteti ndi ife ndife amodzi, kuti tsiku lina olima ndi ogwira ntchito ndiwo adzalamulire. Koma taona kumene ankalankhulira. Ankakhala pansi pa mkuyu, pamene amuna amasemera mipini ndi kusewera bawo. Nanga amuna a pamenepo ndi ayani? Ndi akamwini. Anthu obwera kudzakwatira, wina wa ku Chezi, wina wa ku Ntchisi ngati abambo ako, olima minda ya akazi awo. Mwamuna wa m'mudzi muno wodziwa malire adali amalume ako okha, ndipo chifuwa chidawagoneka kuchipatala ku Mtengowanthenga mwezi wathunthu. Ndiye taganiza mawu akuti munda ndi wa amene akuulima kugwera m'khutu la mkamwini, munthu amene wathira thukuta zaka makumi awiri koma akudziwa kuti banja likatha adzachoka ndi mkeka ndi khasu basi. Udali uchi, mwana wanga.

Abambo ako adabwera kunyumba chifuwa chili patsogolo. Adati, "Nambewe, wamva? Akuti munda ndi wa wolima. Kuyambira lero uzindigwadira kawiri." Ine ndidati, "Pitani kumanda mukawauze amayi, akakuvomerani mubwere." Tidaseka mpaka iwe udadzuka kumsana. Ndidaseka, Teleza. Ndidayesa ndi nkhani za amuna za pabawo, zimene zimatha dzuwa likalowa. Tsiku lina ndidapita ndi chakudya pansi pa mkuyu paja. Nditagwada, onse adakhala chete. A Sitefano adati, "Zikomo mayi. Tsiku lina nanunso mudzamasuka." Ndipo adadikira mpaka nditanyamula beseni langa n'kutembenuka, ndiye adapitiriza. Ankakamba za munda wanga. Ine mwini wake ndidaimirira n'kupita kukatsuka mbale. Iwe usadzatero. Amuna akadzakhala chete iwe utalowa, n'kumadikira kuti utuluke, usatuluke. Khala pakhomo, tenga mwana uyamwitse pomwepo. Akadzati ndiwe wopanda mwambo, vomera. Mwambo ine ndidali nawo wambiri.

Msonkhano udali woletsedwa, anthu akasonkhana asanu anyamata a malaya ofiira ankafika. Koma dima palibe ankaletsa. Iwe wakula dima litatha, ndiye ndikuuze: mwini munda amafulula mowa, n'kuitana mudzi wonse kudzamulimira tsiku limodzi, akafika m'malire amaima, amwa, mawa lake apita kwa wina. A Sitefano adaona kuti njira ndi imeneyo. Adati amuna onse alowe mkati mwa waya ndi makasu, alime matsala aja tsiku limodzi, boma lione kuti nthaka ili ndi oilima. Ife akazi adatiuza kuti tifulule mowa ndi thobwa. Tidafulula ndi mtima wonse. Tidayesa ndi dima monga tilidziwira, munda uwu kaye, kenako uwo. Palibe adatiuza zina, ndipo ife sitidafunse.

Lidali tsiku lotentha, nyenje zikulira. Nyimbo tinkaimva tili kumudzi, wotsogolera ali abambo ako, poti mawu adali nawo. Dzuwa litafika pamutu tidasenza mitsuko, ine patsogolo, amayi ako aakulu a Melesiya pambuyo panga. Titakwera kamtunda kaja tidaona utsi woyera ukukwera malo ambirimbiri. Mphepo itatembenuka maso adayamba kuyabwa, ndipo ndidadziwa ndisanaone, chifukwa utsi woyabwa choncho ndi wa nkhadze. Adali atadula zonse. Nkhadze, khonje, ndi ziputu zomwe adazula, kuunjika pa udzu wouma n'kutentha. Mizere idali itayenda yaitaliyaitali, yowongoka bwino, kuchokera kuwaya mpaka m'munsi mwa phiri, kudutsa m'minda ya akazi onse ngati ndi munda umodzi. A Melesiya adanong'ona kumbuyo kwanga kuti, "Mayo, nkhadze za amayi." Kudali kutatsala zingapo cha kumwala, amuna akupita komweko ndi nkhwangwa.

Ukuganiza kuti tidakuwa? Sitidakuwe. M'gulu lija mudali akamwini a ana a achemwali athu, ali chifuwa pamtunda, ndipo mkazi wamkulu sakuwira apongozi ake. Tidatsika mwakachetechete, tidagwada, tidatula mitsuko. Amuna ataona mowa adaponya makasu ndi nkhwangwa n'kubwera. Atamwa, dzuwa lija ndi kutopa kuja, palibe adadzukanso kukamaliza. Ndi mmene zidapulumukira nkhadze za kuseri kwa mwala. Si nzeru zanga, si pemphero langa. Ndi ludzu la amuna.

Ndidawapatsa a Sitefano chikho cha thobwa, poti mowa sankamwa. Manja awo adali atatuluka matuza, ena ataphulika, magazi ali pa mpini. Adagwiradi ntchito, sindiwanamizira. Ndidatsitsa mawu n'kunena kuti, "Bambo, mwadula malire." Iwo adamwetulira ngati ndawayamikira. Adati, "Inde mayi, tadula. Malire ndi amene amagawanitsa osauka. Munda umodzi wa anthu onse bwana sangaulande. Kuyambira lero palibe adzanenenso kuti uwu ndi wanga, uwo ndi wako." Adanena zoona, Teleza. Mpaka lero palibe akunena.

Sipadapite nthawi, dandaulo la amalume ako lija lidayankhidwa. Kudabwera mnyamata wa ku ofesi ya malo, wofatsa, wolankhula mwaulemu. Adatiitana akazi tonse kuwaya. Adati, "Amayi, ine andituma kudzaona. Paliponse pamene mundionetse malire a munda wakale, ndikanena kuti chipilala chisunthe. Tiyeni, aliyense aime pake." Tidalowa. Mwana wanga, udaonapo nkhuku madzulo utazichotsera khola? Ndi mmene tinkayendera m'mizere muja. Wina akuti panga padayambira apa, wina akuti ayi apa ndi panga, padali chulu, nanga chulu chija chili kuti, adachisalaza. Akazi obadwa mimba imodzi adayamba kulozana zala pamaso pa alendo. Kapitao adakhala pa thalakitala akugwedeza mwendo. Adauza mnyamata uja kuti, "Mwaona bwana? Eni akewo sakudziwa. Lidali tchire ili." Mnyamata uja adayenda nafe mpaka dzuwa kupendeka, akufunafuna ndi chitsa chomwe. Adapeza phulusa. Kuseri kwa mwala kokha ndi kumene adapeza nkhadze zili chiimire, ndipo chipilala chimodzi chokhacho ndicho chidasuntha. Pochoka, kapitao adativulira chipewa. Adati, "Zikomo potilimira." Mvula itagwa adawokera fodya m'mizere ya abambo ako.

Galimoto ya boma idabwera Lamulungu, tikutuluka m'tchalitchi. Sadafunse kuti adayambitsa ndani. Adafunsa kuti ankatsogolera nyimbo ndani. Adawatenga abambo ako atavala jekete lawo la Misa, pamodzi ndi amuna ena a pansi pa mkuyu. A Sitefano ndi anzawo adali atazimirira kale. Njira yodutsira malire a dziko ankaidziwa bwino. Malire amenewo sadawadule. Dengu la usipa adalisiya kwathu, ndipo ndimasungiramo mbewu ya mtedza mpaka lero, walionapo. Patapita zaka tidamva kwa munthu wochokera kumigodi kuti ali moyo, ndipo amaima pamisonkhano kunjako n'kumasimba za mudzi wina wa ku Dowa umene udadzuka ndi makasu. Tidamvanso kuti kagulu kawo kadagawikana chifukwa chosiyana mawu, awiri uku, atatu uko, sapatsananso moni. Anthu odana ndi malire. Mlendo ndi mame, mwana wanga. Asanakuuze chochita, um'funse kuti mawa lake adzagona kuti.

Abambo ako udawadziwa atabwerako, ndiye umayesa adali munthu wachete chibadwire. Ayi. Adali munthu woimba mpaka agalu a mudzi wina kuyankha. Adapita iwe uli kumsana, adabwera utayamba kutunga madzi wekha. Miyendo itatupa, mano atatha mbali imodzi. Ankabisa chakudya pansi pa mkeka. Akamva galimoto kumsewu ankaimirira n'kuika manja kumbuyo, ngakhale ali m'nyumba mwawo. Za kundende sadandiuzepo kanthu, ndipo sindidawafunse. Tsiku limodzi lokha, tikupalira kuseri kwa mwala, adaima n'kuyang'ana kumunsi kuzigafa. Adati, "Nambewe, ndidamangidwira munda wosakhala wanga." Ndidayesa akuseka ngati kale, ndidatembenuka kuti ndiwayankhe. Sankaseka. Atamwalira abale awo adadzatenga maliro kukaika kwawo ku Ntchisi, monga mwa mwambo. Ndi dzenje lomwe sadalipeze m'nthaka imene adaifera.

Umandifunsa chifukwa chake amayi ako aakulu sabwera pakhomo pano. Ndinkakuuza kuti ndi miyendo. Si miyendo. A Melesiya adanena pachitsime, anthu akumva, kuti ine ndidadziwa zonse, ndidayenda patsogolo dala ndi mtsuko kuti amuna aime asanafike panga. Mkazi amene tidayamwa bere limodzi. Lero iwo ndi ana awo ndi matenanti, amasoka fodya m'chigafa chimene chaima pamunda wa amayi athu, n'kumalandira chimanga choyeza m'chitini. Ena a mbumba yathu adakwera kumapiri a Ntchisi kukapempha malo pa miyala. Bwana adatilanda nthaka, koma sadatidanitse. Chotidanitsa lidali dima lija.

Usandimve molakwa, Teleza. Sindikunena kuti bwana adali wolungama. Wakuba ndi wakuba, ngakhale abwere ndi simenti. Sindikunena kuti tikadangokhala manja lende. Ndipo sindikunena kuti a Kalisito ndi munthu woipa. Ndawaona akukuthandiza kutula mtolo wa nkhuni, chinthu chimene amuna ambiri sachita. A Sitefano nawonso adali munthu wabwino. Chimene chimandiopsa n'chimenecho. Woipa umam'thawa, wabwino umam'fululira mowa. Ndikudziwa kuti kumene mukupitako si ntchito yauphunzitsi yokha. Kuli anzawo. Adzabwera kunyumba kwanu madzulo, iwe udzawaphikira, ndipo adzakamba za minda ya anthu amene sadawaonepo. Wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima, ndiye sindikuti uziopa. Ndikuti uzifunsa.

Akadzati nthaka ndi ya anthu, uwafunse kuti anthu ake ati, mayina awo ndani, amayi awo adali yani. Akadzati tichotse ichi, uwafunse kuti adachiika ndani ndipo adachiikiranji. Chimene sudadzale usadule, ngakhale chikukulepheretsa kuwongola mzere. Akadzati tikachite chakuti kumudzi wakuti, uwafunse kuti galimoto ikadzabwera Lamulungu idzapeza yani. Akadzakupatsa kanthu kuti ubise m'chitenje podutsa pamalire, poti mkazi sam'secha kwambiri, ukane, ngakhale akupemphe ndi amuna ako. Ndipo ukamandilembera, lemba za mvula ndi za ana. Mawu ena aliwonse amafika kuno atawerengedwa kale, ndipo amene adzayankhe mlandu ndi amalume ako ndi chifuwa chawo chija.

Mwina a Kalisito adzakuuza kuti kamunda kamodzi kamiyala si kanthu poyerekeza ndi dziko lonse limene akufuna kukonza. Mwina akunena zoona, ine sindidaphunzire. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Dziko lonse sindidalionepo. Ndaona munda wa kuseri kwa mwala ukudyetsa iwe ndi achimwene ako zaka zonse zimene m'nyumba muno mudalibe mwamuna. Tsiku lina zinthu zikadzakuvuta kunjako, kaya banja, kaya boma la eni ake litatopa nanu, udzafuna pofikira. Mkazi wopanda munda kwawo amakhala mlendo mpaka m'manda. Ndipo ukadzabereka mwana wamkazi, munda umenewo ndi wake, osati wa abambo ake, osati wa gulu, osati wa onse. Wake.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo si lalikulu. Basi imadutsa pa Chezi dzuwa litakwera. Nthawi ilipo. Mawa kukangocha, usanavale diresi lako laulendo, tiye kumunda. Ndadula kale nthambi ya nkhadze, ili kuseri kwa bafa, yafota bwino kuti igwire. Ukaidzale ndi dzanja lako pakona ya kumunsi, pamene imodzi idagwa chaka chatha, moyang'anana ndi waya. Samala utomoni wake usakulowe m'maso. Ukatero ulime mzere umodzi, kuchokera kumwala mpaka kumalire. Ndapempha amalume ako abwere, ndi akazi awiri a kuchitsime, ndipo ndatuma uthenga kwa a Melesiya, kaya abwera kaya sabwera. Nthawi imeneyo ndi imene kapitao amadutsa. Ndikufuna akuone. Akadzafunsanso kuti gogo mulimanso, ndidzamuuze kuti mwini wake si ine, mwini wake ndi uja mudamuona, wangopita kukaona dziko, abwera.

A Kalisito akafuna kubwera, abwere. Uwauze kuti ndi ine ndanena, manyazi a upongozi ndawavula, adandidyera kale zokwanira. Aime pamalire, uwaonetse ndi chala kuti pathu payambira apa, pathera apo. Akafuna kukuthandiza mzere uja, uwaleke akuthandize. Nkhwangwa yokha asagwire.

Mzere wakowo ndidzaudzala chaka ndi chaka, ndipo ndidzayamba ndi womwewo mvula ikagwa. Ndidzatero mpaka manja adzakane. Sindikudziwa kuti ndi madzinja angati, koma si ambiri, ndiye usachedwe. Ukamva kuti ndagona, usayambe ndi kulira. Yamba ndi kufunsa ngati munda walimidwa.

Ukatha kuwerenga, uponye pepalali pamoto, uonetsetse kuti lapsa lonse. Khasu lako ndalikhomera mpini watsopano. Lili pakhomo, pafupi ndi sutikesi.

Ndine mayi ako,
Nambewe